Chenjezo kwa inu osiya lisiti pa kauntala

Ana anga, pamodzi ndi inu amsinkhu wanga amene mwayamba kutengera za ana, nkhani ya msonkho mwaisandutsa nyimbo ya m'minibasi. Aliyense ndi katswiri. Uyu akuti boma likutiyamwa, uyo akuti kuli bwino tonse tingoleka kukhoma, wina akutumiza pa WhatsApp mndandanda wa misonkho yatsopano wopanda tsiku, wopanda dzina la amene waulemba, ndipo inu mukuupititsa kwa ena musanauwerenge n'komwe. Kudandaula sindikukuletsani, pakuti zodandaulitsa zilipo ndipo ndizitchula. Chimene chandinyansa ndi zomwe mumachita mukatsika minibasiyo. Pakamwa pomwe pamatukwana msonkho ndi pomwenso pamauza mwini sitolo kuti, "Lisitilo lisiyeni bwana, ndikuthamangira."

Ndiyambe ndi maganizo anga, kuti musati mkuluyu akuikira kumbuyo boma. Kwa ine msonkho woipitsitsa ndi umene suyang'ana m'thumba mwa munthu, umene umangoti uli ndi mutu, khoma. Makolo athu anaulawa. Atsamunda atakhazikika muno m'zaka za m'ma 1890, pansi pa Harry Johnston, anaika msonkho wa nyumba, mashilingi atatu pa chaka, kaya mwini nyumbayo ali ndi mbuzi makumi awiri kaya alibe ngakhale nkhuku. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 anaukweza, nkunena kuti amene wagwira ntchito mwezi wathunthu kwa mzungu akhoma theka. Mukuona pamenepo kuti chimene ankafuna kwenikweni ndi manja olima m'maesiteti. Wolephera kukhoma ankamuwotchera nyumba, pena kumugwirira mkazi mpaka ndalama itapezeka. Amuna ambiri amene anatsika ku Salisbury ndi ku Joni anathamangitsidwa ndi msonkho umenewu, ndipo mkwiyo wake unali m'gulu la zinthu zimene zinafikitsa John Chilembwe pa zimene anachita mu 1915. Ngakhale titalandira ufulu, msonkho wa mutu unatsalira, ndipo ife achikulire tikukumbuka amuna akulowa m'tchire akamva kuti amesenjala afika m'mudzi. Unadzatha m'zaka za m'ma 1990. Ndiye mukamanena kuti msonkho sunapwetekepo ngati lero, muzinena motsitsa mawu pamaso pa agogo anu.

Mdzukulu wa msonkho umenewo alipo mpaka pano, ndiye chiphaso cha mumsika. Tiyerekeze kuti chiphaso ndi K300. Mayi wabwera ndi beseni la tomato wa K6,000, wakhoma K300 m'mawa asanagulitse ngakhale mulu umodzi. Pafupi naye pali mnyamata wa mabelo a kaunjika, katundu wa mazanamazana, ndipo chimene wakhoma sichisiyana kwenikweni ndi cha mayiyo. Mvula ikagwa, tomato osagulika, chiphaso sichibwezedwa. Chimbudzi cha mumsikamo n'cholipiritsanso pachokha, zinyalala zaunjikana kuseri kwa mabenchi a nsomba. Uwu ndimautcha wosalungama, ndipo sindibweza mawu. Koma taonani zimene mumachita inu eni msika. Wodula ziphaso akafika, mumamufumbatitsa theka la ndalama nkumuuza kuti kapepalako akhale nako. Iye waika m'thumba, inu mwasekerera kuti mwapulumutsa. Mawa khonsolo ikadzati msika uno subweretsa ndalama, sitingaumangire shedi, mudzayankha chiyani? Mulibe kapepala ngakhale kamodzi kosonyeza kuti mwakhala mukukhoma. Amalonda amene amasunga ziphaso zawo m'kachitini angathe kupita kwa khansala nkumuwerengera kuti mwezi uno benchi lino lokha lapereka zakuti, madzi ali kuti? Inu a theka mwadzitseka pakamwa nokha.

Tsopano VAT, msonkho umene amauika pa mtengo wa zinthu zimene timagula, pamene pagona mkwiyo wanga weniweni. Msonkho uwu nawonso susankha nkhope. Sopo amene wagula mlonda ndi amene wagula bwana wake amadulidwa chimodzimodzi, koma mlondayo amathera malipiro ake onse m'sitolo pomwe bwana amasungako ena kubanki. N'chifukwa chake chimanga ndi zakudya zina zosadutsa m'fakitale saziikira VAT, ndipo n'chifukwa chake anthu anakuwa pamene unaikidwa pa mafuta ophikira mu 2020, mpaka unachotsedwa mu bajeti ya 2022 pamodzi ndi wa pa madzi a m'mipopi. Pa zinthu zofunika pakhomo VAT ndi katundu wolemera kwa wosauka, pa zinthu za manyado ndilibe naye mlandu.

Koma mvetsani mmene amayendera, chifukwa ambiri a inu mumatukwana chinthu chimene simunachiyang'anitsitse. Pa mlingo wa 16.5 peresenti umene tinakhala nawo zaka zambiri, katundu wa K10,000 munkamugula K11,650. K1,650 yapamwambayo si ya mwini sitolo. Iye wangoisunga m'manja kuti akaipereke ku MRA, bungwe lotolera misonkho, atachotsapo VAT amene iyenso analipira pogula katunduyo. Chimene chimauza MRA kuti malonda amenewa achitika ndi lisiti lotuluka m'makina, ndipo makina otulutsa malisiti a msonkho otchedwa EFD anabwera mu 2014 pa chifukwa chomwechi. Mukatuluka opanda lisiti, ndalama ija mwalipira ndithu, mtengo wa pa shelefu unali nayo kale, koma palibe paliponse pamene palembedwa. Wamalonda wosaona mtima amangoiphatikiza ku phindu lake. Ndiye inu mwakhoma msonkho, chipatala sichinauone, msewu sunauone, wauona ndi munthu amene akumanga nyumba yachitatu. Mwa misonkho yonse ya m'dziko muno, wopanda chilungamo kotheratu ndi umenewu, ndipo sunakhazikitsidwe ndi Nyumba ya Malamulo. Mumaukhazikitsa inu, tsiku ndi tsiku, ndi changu chanu chothamangira basi.

Ndinaima pambuyo pa bambo wina m'sitolo ya zipangizo zomangira, akugula malata. Wogulitsa anatsitsa mawu nkumufunsa kuti, "Ndi lisiti kapena popanda?" Popanda anamuchotsera pang'ono. Bamboyo anamwetulira ngati watola ndalama panjira, nalandira kapepala kong'ambidwa m'kope, kolembedwa ndi bolopeni, kopanda dzina la sitolo. Sanawerengere kuti zimene amuchotserazo n'zochepa kuyerekeza ndi VAT yense amene wogulitsayo watsala naye. Sanaganizenso kuti akakafika kunyumba nkupeza malatawo ndi opyapyala kusiyana ndi geji imene analipira, abwerera ndi umboni wanji. Ameneyo madzulo ake akhala pa bawo nkumati dziko lino akuba achuluka.

Enanso mumati ine ndimagula pa okala, VAT sindimudziwa. Mumamudziwa. Mwini okala sadula VAT chifukwa malonda ake ndi ochepa ndipo sanalembetse, koma shuga ndi sopo wake anakapikula ku holoselo msonkhowo uli kale m'kati. Chimodzimodzi mayunitsi a foni, amene ali ndi msonkho wapadera wa 10 peresenti kuwonjezera pa VAT, ndi mafuta a galimoto, amene pa lita iliyonse pamakhala ndalama ya misewu ndi ya magetsi a kumidzi. Wokwera kabaza wa njinga yamoto amakhoma, agogo a kumudzi ogula mayunitsi a K200 amakhoma. Choncho inu a m'maofesi lekani mwano uja womati ndife tokha okhoma msonkho m'dziko muno.

Komabe a m'maofesi ndi aphunzitsi ali ndi dandaulo lomveka. PAYE, msonkho wodulidwa pa malipiro, pa kapangidwe kake, ndiye msonkho umene ndimauona wachilungamo kuposa yonse, chifukwa umakwera ndi malipiro. Mwa mlingo umene unayamba mu April 2024, K150,000 yoyamba pa mwezi sinkadulidwa kanthu, K350,000 yotsatira inkadulidwa 25 peresenti, kupitirira apo 30, ndipo pamwamba penipeni 35. Wolandira K200,000 ankadulidwa K12,500, wolandira K500,000 ankadulidwa K87,500. Apa pali chinthu chimene ndatopa kuchimva: mnyamata kukana kukwezedwa malipiro, ati ndilowa m'gulu la msonkho waukulu ndiye ndizilandira zochepa. Bodza limenelo. Peresenti yokwerayo imagwira ndalama yokhayo imene yadutsa malire, yapansiyo imadulidwa monga kale. Funsani kalaliki wa malipiro musanadzimane nokha.

Vuto la PAYE lili pena. Mphunzitsi sangauzembe, amadulidwa ndalama isanafike m'manja. Koma mwini nyumba khumi za lendi, wolandira ndalama pamanja mwezi ndi mwezi, angathe kukalamba osadziwa khomo la Msonkho House, likulu la MRA. Ndiponso kwacha ikagwa, monga inagwera ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, malire a ndalama yosadulidwa amatsalira m'mbuyo, munthu nkumadulidwa ngati wolemera pomwe thumba la ufa lamukanika. Apo dandaulani, ndipo ine ndidandaula nanu.

Za msonkho wa mowa ndi fodya wosuta sinditaya nthawi. Ukwere. Palibe anamwalira chifukwa chosowa botolo.

Kumtunda nakonso kuli zonyansa zake, sindikubisa. Aphungu amene amavomereza misonkho yathu amaloledwa kulowetsa magalimoto osalipira msonkho wa pa boda, pomwe namwino woitanitsa kagalimoto kakale kudzera ku Songwe amalipira mpaka kulowa m'ngongole. Ku mgodi wa Kayelekera ku Karonga, kampani ya Paladin inapatsidwa mgwirizano wotsitsa misonkho, ndipo bungwe la ActionAid linawerengera mu 2015 kuti dziko linataya ndalama zokwana madola 43 miliyoni m'zaka zisanu ndi chimodzi. Ndiye panabwera Cashgate mu 2013, pamene ofufuza a Baker Tilly anapeza kuti ndalama zoposa K13 biliyoni zinatuluka ku Capital Hill m'miyezi isanu ndi umodzi yokha. Maiko otithandiza, amene ankathira gawo lalikulu la bajeti, anatseka mpopi, ndipo kuchokera pamenepo boma linatembenukira kwambiri m'matumba mwathu. Zonsezi ndi zoona, ndipo ndikudziwa kuti ndi pamene mumabisala. Mumati akuba ali kumtunda, ine ndivutikirenji ndi lisiti.

Yankho langa ndi ili. Ndalama imene yalowa m'buku la boma ikabedwa, pamatsala mapazi. Ya Cashgate inadziwika chifukwa inali yolembedwa, ofufuza anatsata macheke, anthu anaimbidwa milandu ndipo ena analowa m'ndende. Koma K1,650 imene mwasiyira wamalonda uja palibe wofufuza amene adzaipeze mpaka kalekale. Ndipo MRA ikalephera kufika pa mlingo umene yapatsidwa, nduna ya zachuma sipita kukasaka mwini sitolo uja. Imayang'ana pamene n'posavuta kudula: pa malipiro, pa mafuta, pa foni. Mwazemba pakhomo, msonkho wakulowerani pa zenera, ndipo walowera ndi mnansi wanu amene sanalakwe kanthu.

Inu amalonda odutsa m'malire, ku Mwanza, ku Dedza, ku Mchinji, ku Muloza, mawu anga ndi omwewo. Mumapatsa munthu wa pa njinga katundu wanu kuti adutse naye njira zachidule usiku, kapena mumafumbatitsa wina kuti alembe mtengo wochepa. Tsiku limene mwagwidwa, katundu walandidwa, chindapusa pamwamba, mpamba wonse wa ku banki m'khonde wathera pomwepo, ndiye mumabwera kwa ife akulu kuti tikuthandizeni kupepesa kwa amayi a gulu. Amene munamufumbatitsa uja sakudziwaninso. Pamene mukuchita zimenezi mukuphanso mnzanu wa benchi loyandikana amene analipira zonse ndipo sangagulitse pa mtengo wanu.

Musati kulankhula sikuthandiza. Mu 2019 boma linafuna kuika msonkho wa 1 peresenti pa ndalama zotumizirana pa foni, anthu ndi mabungwe anakana ndi zifukwa zomveka, ndipo linabweza. Mitengo imene inalengezedwa poyamba ya pa zipata zolipiritsa za Chingeni ndi Kalinyeke inatsitsidwa anthu atadandaula. Amene anapambana pa nkhani zimenezi anatchula msonkho wake, mlingo wake, ndi amene ukumupweteka. Chaka chilichonse unduna wa zachuma umachititsa misonkhano yomva maganizo bajeti isanalembedwe, ndipo makhonsolo nawo amakhala ndi bajeti zawo zimene khansala wanu amayenera kukufotokozerani. Kumeneko mipando ya anthu wamba imakhala yopanda anthu, pomwe pa Facebook mwadzaza ndi zithunzi zoseketsa.

Mawa mukalowa m'sitolo yaikulu, dikirani kamphindi kameneko makina atulutse pepala. Liyang'aneni musanalipinde: dzina la sitolo likhalepo, nambala yake ya msonkho ikhalepo, tsiku likhale la lero, ndalama ikhale imene mwaperekadi, ndipo VAT aoneke payekha. Akakuuzani kuti makina afa kapena netiweki yavuta, funsani kuti abwerera liti, ndipo ngati ndi katundu wa ndalama zambiri monga simenti kapena malata, kagulani kwina. Inunso makolo otuma ana kukagula, muziwauza kuti chenji abwere nacho pamodzi ndi lisiti.