Musanafunse mnzanu kuti wapindula maperesenti angati chaka chino

Chaka chikamapita kumapeto, m'magulu a WhatsApp a anthu ogula masheya mumadzaza zithunzi za manambala. Wina akuonetsa kuti mpamba wake wakwera ndi 60 peresenti, wina 90. Kenako funso limagwera amene ali chete: nanga inu achimwene, mwakolola zingati? Ndimaona anthu akuchita manyazi chifukwa ndalama zawo zinali m'ma Treasury Bills (kubwereketsa boma ndalama kwa nthawi yochepa) kapena ku banki nkhonde, ndipo Januwale asanathe azichotsa kale kumeneko n'kukagula sheya imene ili pakamwa pa aliyense. Zimandipweteka mtima, chifukwa ndalama zimenezi anthu amazipeza ndi thukuta, ndipo peresenti imene ikuwathamangitsayo sinena zonse.

Tiyambe ndi kwacha yeniyeniyo. Mu May 2022 mphamvu yake inachepetsedwa ndi 25 peresenti. Mu November 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, dola imodzi n'kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 ku banki. Munthu amene anali ndi K1 miliyoni anagona ali ndi ndalama yokwana madola pafupifupi 850, kudzuka ili pansi pa 600, koma buku lake la ku banki likuonetsa nambala yomweyo. Mitengo ya zinthu mu 2024 inkakwera ndi pafupifupi 30 peresenti pachaka. Ndiye aliyense amene akuti wapindula, funso loyamba likhale lakuti: ndalama yakoyo ikugula matumba angati a simenti kapena a feteleza lero, poyerekeza ndi chaka chatha? Amene ndalama yake yakula ndi 20 peresenti pamene mitengo yakwera ndi 30, wabwerera m'mbuyo ngakhale nambala yanenepa.

Onani ma Treasury Bills. Boma limabwereka ndalama kudzera ku Reserve Bank of Malawi kwa masiku 91, 182 kapena 364, ndipo mu 2024 a masiku 364 ankapereka chiwongoladzanja cha 26 peresenti. Pa K1 miliyoni imeneyo ndi K260,000. Chotsanipo msonkho wa 20 peresenti umene umadulidwa pa chiwongoladzanja, mwatsala ndi K208,000. Simunafike pa 21 peresenti, mitengo yakupitirirani. Pamenepa anthu a masheya amawomba m'manja kuti mwaona, timanena ife. Zoonadi, msika wa masheya wa ku Blantyre unachita bwino kwambiri: mu 2023 unakwera ndi maperesenti oposa 70, mu 2024 oposa 50. Amene anagula FDH Bank pa K10 kapena Airtel Malawi pa K12.69 pamene makampaniwa ankalowa pamsika mu 2020, n'kudekha osagulitsa, ali ndi chifukwa chosangalalira. Sindikutsutsa masheya ayi, ndimawakonda ndipo ndimalimbikitsa achinyamata kutsegula akaunti kwa broka, amene amagulira ndi kugulitsira anthu masheya pamsika.

Koma mayi amene akulipira fizi ya ana atatu teremu iliyonse sangaike ndalama ya fizi pa sheya. Iye akufuna kudziwa kuti tsiku lakutilakuti ndalama yakutiyakuti ilowa. Treasury Bill ya masiku 91 imamupatsa chimenecho. Sheya simupatsa. Mtengo umene mukuona pa foni ndi umene wina wagulira komaliza, ndipo msika wathu ndi waung'ono, makampani ake sakwana 20. Pali masheya ena amene mumapereka kwa broka kuti agulitse, masiku n'kumapita wogula osapezeka pa mtengo umenewo. Phindu la 90 peresenti lili pa pepala kufikira tsiku limene mwagulitsa, broka wadula zake, ndalama yalowa mu akaunti. Mayi uja ndi mnyamata wosakwatira amene ndalama yake saifuna kwa zaka khumi sakuthamanga mpikisano umodzi, ndiye n'chifukwa chiyani tikuwaika pa sikelo imodzi?

Palinso kawerengedwe kamene kamanyenga anthu osadziwa. Wina anayamba chaka ndi K2 miliyoni, mwezi uliwonse n'kumawonjezera ya malipiro ake, chaka n'kutha ali ndi K4 miliyoni. Akuti wapindula 100 peresenti. Ayi achimwene, mbali yaikulu ndi ndalama yanu yomwe munaponyamo nokha. Wina amangoonetsa sheya imodzi imene yauluka, zitatu zimene zagona osazitchula. Ngati tikuyerekeza, tiwerenge chuma chonse pamodzi, tichotse zimene tawonjezera mkati mwa chaka, tichotse msonkho ndi ndalama ya broka, tiphatikizepo ma dividendi amene talandira, ndiye kuti phindu limene kampani imagawira eni masheya.

Banki nkhonde nayo tiione bwino. Ndimailemekeza kwambiri, yamangitsa nyumba za malata m'midzi yambiri ndipo yaphunzitsa anthu kusunga kumene kulibe nthambi ya banki. Tsiku logawana mu December, bokosi la maloko atatu likutsegulidwa, mlembi akuwerenga mokweza masheya a aliyense, amayi akumanga ndalama pa nsonga ya chitenje, nkhope zili mwee. Munthu amaona kuti ndalama yake yabereka kuposa ku banki. Koma chiwongoladzanja chimenecho chachokera kuti? Kwa mamembala omwewo. Ngati inu mwakhala mukubwereka chaka chonse n'kumabweza ndi 20 peresenti pamwezi, gawo lina la zimene mwalandira pogawana ndi ndalama yanu yomwe yangozungulira. Wapinduladi ndi amene anasunga zambiri n'kubwereka pang'ono, kapena amene ngongoleyo anachitira geni yobweza phindu loposa chiwongoladzanjacho.

Za puloti sinditalikitsa. Aliyense amati yake yakwera kawiri, pomwe palibe amene wabwera ndi ndalama m'manja, ndipo ngati mapepala a malowo sali bwino mtengo umenewo ndi wongolankhula.

Chimene ndikufuna tikambirane mozama ndi ichi. Anthu ambiri amati agawa chuma chawo bwino chifukwa ali ndi masheya a National Bank, Standard Bank, NBS Bank ndi FDH Bank, kuwonjezera ma Treasury Bills, komanso penshoni imene abwana amaikamo 10 peresenti iwo n'kuikamo 5. Poona koyamba ndi madengu asanu ndi limodzi. Koma mabanki athu amapeza gawo lalikulu la phindu lawo pobwereketsa boma. Ma Treasury Bills ndi ngongole ya boma. Makampani osunga penshoni nawonso amaika ndalama zambiri m'ngongole za boma ndi m'masheya a pamsika womwewu. Madengu onsewo akhala pa mutu umodzi. Ku Ghana, kumapeto kwa 2022, boma linauza anthu ndi mabanki amene linawabwereka kuti asinthe mapepala awo a ngongole atenge ena olipira mochedwa komanso chiwongoladzanja chochepa, ndipo mabanki ambiri kumeneko analemba kuluza chaka chimenecho. Sindikulosera kuti zidzachitika kuno. Ndikungoti amene chuma chake chonse chatsamira pa boma adziwe kuti chatsamira pamenepo, n'kuganizirako zina: sheya ya kampani ya shuga ngati Illovo kapena ya mafoni ngati TNM, ziweto, geni yogwirika, kapena kampani imene imachitanso malonda kunja kwa dziko lino ngati FMB Capital Holdings.

Ine pogawa ndalama ndimayamba ndi kalendala. Ya miyezi itatu kapena isanu ndi umodzi ikubwerayi, ya lendi, fizi, matenda ndi maliro, imakhala pamalo poti nditha kuitenga msanga, ngakhale phindu lake lichepe. Ya feteleza imadikira mu Treasury Bill imene ikhwime dzinja lisanafike. Imene sindiifuna kwa zaka zisanu kapena kuposerapo ndiyo imapita ku masheya, ndipo imeneyo sindiiweruza ndi chaka chimodzi.

Amene mukufuna tiyerekeze za chaka chino, lembani m'munsimu zinthu izi: munagawa bwanji chuma chanu m'maperesenti, munawonjezera zingati mkati mwa chaka, mwatsala ndi phindu lanji mutachotsa msonkho, ndipo ndalamayo mudzaifuna liti. Kuchuluka kwa ndalama zanu musatchule, ndi chinsinsi chanu. Ndiyankha aliyense amene alembe.