Phokoso layamba kutisankhira pokhala mu Lilongwe

Amene anakonza mzinda wa Lilongwe, womwe unakhala likulu la dziko mu 1975, ankadziwa kuti phokoso liyenera kukhala ndi malo ake. Mafakitale anawaika ku Kanengo. Bwalo la ndege analimanga kutali, ku Lumbadzi. Nyumba zogona anazipatula. Koma lero m'madera ambiri amene akulamula kuti malo akhale a chiyani ndi mwini sipika, ndipo ine zimenezi zimandiwawa.

Zimayamba ndi nyumba imodzi. Mwini wake agumula khoma la pabalaza, aika kauntala ndi filiji, bala yatseguka. Banja la mpanda wina, lomwe mwana wake akukonzekera mayeso a Folomu 4, lipirira miyezi ingapo kenako lisamuka. Landilodi asowa womulowera m'nyumba. Atsitsa lendi, sizithandiza. Pamapeto pake aibwereketsa kwa wofuna kutsegula bala yachiwiri kapena resitihausi, poti ndi yekhayo amene saopa phokoso. Pakutha zaka zochepa msewu wonse wasanduka malo a malonda, pomwe pa mapu ukadali wa nyumba zogona. Ngalande, zimbudzi ndi poimika magalimoto zikadali zoyenera mabanja, osati khamu la Lachisanu usiku. Odziwa Bwandilo, malo a mabala ku Area 47, akumva zomwe ndikunena.

Si mabala okha. Pali chigayo chogundana ndi khoma la kuchipinda, owotcherera zitsulo pakhonde, ndi mapemphero ochezera usiku wonse masipika atalozetsa kunja. Ndine wopemphera, koma namwino amene akulowa ntchito m'mamawa ayeneranso kugona. Bungwe loona za umoyo pa dziko lonse la WHO linalangiza mu 2009 kuti usiku phokoso kunja kwa nyumba zogona lisapitirire madesibelo 40 (desibelo ndi muyezo wa kukula kwa phokoso). Limasokoneza tulo, limakweza BP, ndipo mwana wosagona sagwira za m'kalasi.

Wachigayo ndi wowotcherera sindiwada ayi. Akusaka ndalama ya ufa, ndipo ambiri alibe kwina koti apite. Apa ndiye pagona vuto. Tikamadula mapuloti timangoganiza za nyumba, osasiya malo a mashedi, matchalitchi ndi omwera mowa. Zinthu zimenezi zimabwerabe, n'kudzipezera malo pakati pa anthu.

Malamulo alipo. Physical Planning Act ya 2016 imafuna chilolezo munthu asanasinthe ntchito ya malo, ndipo Environment Management Act ya 2017 inakhazikitsa bungwe la MEPA loteteza chilengedwe. Pempho langa kwa khonsolo ndi lakuti laisensi ya bala kapena chigayo isamatuluke oyandikana nawo asanafunsidwe, ndipo nthawi yozimitsa nyimbo ilembedwe pa laisensipo. Madera atsopano omwe akudulidwa m'mphepete mwa mzinda apatulidwiretu malo a ntchito zaphokoso, kufupi ndi msika ndi msewu waukulu, anthu asanayambe kuumba njerwa. Kumuchotsa munthu atakhoma kale malata n'kovuta, ndipo mlandu wake umatha zaka kukhothi.