Ndalama ya mayi wothyola tiyi sinunkha

Ndakwiya ndipo sindibisa. Loweruka lapitali ndinaperekeza azakhali anga kukagula diresi loti akavale pa chinkhoswe cha mwana wawo. Tinalowa m'shopu ina ya zovala za amayi, mwa izi zangophuka kumene kuno ku Mulanje, zamagalasi kumaso, zidole zitaimikidwa pakhomo zitavekedwa madiresi. Azakhali anali mmene amakhalira masiku onse, chitenje m'chiuno, mpango kumutu, mapazi atachita fumbi poti tinali titangotsika pa kabaza. Atangotambasula dzanja kuti aimve nsalu ya diresi lina, mtsikana wogulitsa, osadzuka n'komwe pampando, maso ali pafoni, anati: "Amayi, osagwiragwira, mudetsa. Zotchipa zili kumsika."

Moni sanapereke. "Ndikuthandizeni chiyani" sanafunse. Anangoona chitenje basi, n'kugamula mlandu.

Ndalama azakhali anali nazo, zogawana ku banki mkhonde, atazimanga pansonga ya chitenje chomwecho chimene mwanayo anachinyoza. Ndalama zathukuta, za munthu wolawirira m'mawa dengu lili kumsana, kuthyola tiyi pa esiteti mvula ikumukwapula. Sanayankhe kanthu. Anangobweza dzanja, n'kundiuza chapansipansi kuti, "Tiye mwanangu." Mtima wanga unawawa koopsa.

Inu ogulitsa zovala za amayi, tandiuzeni. Ndalama ya mayi wothyola tiyi imanunkha? Ikalowa m'kabati mwanu imasiyana mtundu ndi ya mayi wotsika pagalimoto? Nanga ya mayi wogulitsa nanazi ndi mapeyala m'mbali mwa msewu, ya wogulitsa tomato pa Nkando, ya wokaoda katundu ku Limbuli, kubanki amaikana? Kwacha ndi kwacha. Wolowa pakhomo panu ndi kasitomala, kaya wavala patapata kaya nsapato yagogoda. Simungadziwe zili m'thumba mwa munthu poyang'ana mapazi ake.

Mwatengera magalasi, mwatengera zidole, mwatengera nyimbo zolira mokweza, mwati mufanane ndi ma mall, zinyumba zikuluzikulu zija za mashopu ambirimbiri, a ku Blantyre ndi ku Joni. Koma mukudziwa kumene zinachokera zimenezo? Mall yoyamba yotsekedwa mbali zonse, yokhala ndi makina otenthetsa ndi kuziziritsa mkati, inali Southdale Center ku Edina, m'chigawo cha Minnesota ku America, ndipo inatsegulidwa mu 1956. Anaikonza ndi Victor Gruen, munthu wa ku Vienna amene anathawa chipani cha Nazi mu 1938. Iye ankafuna malo oti anthu azikumanirana, kuyenda wapansi, kukhala pansi n'kucheza osaopa chisanu, ndipo pakati pake anaikapo bwalo la maluwa, mbalame ndi pomwera khofi. Cholinga chinali choti munthu alowe, ayang'ane, akhale womasuka. Atakalamba anadzaikana yekha ntchito imene anthu anaisandutsa maganizo akewo, ataona kuti eni malonda atolapo phindu lokha n'kutaya anthu. Ndiye inu mwatola chigoba chenichenicho chimene mwini wake anachikana, n'kumachinyadira pano pa tsinde la phiri.

Chimene chikundipweteka kwambiri n'chakuti mayi wa ku Malawi sanapumepo pa nkhani ya zovala. Mu 1973 boma la Kamuzu linakhazikitsa lamulo loletsa amayi kuvala mathalauzi ndi masiketi aafupi, ndipo linakhalapo mpaka ulamuliro wa chipani chimodzi uli pafupi kutha. Mu Januwale 2012 mavenda ena ku Lilongwe ndi ku Blantyre anayamba kuvula amayi pamsewu ati chifukwa avala thalauzi, mpaka amayi anachita kutuluka kukachita zionetsero. Dzana amamugwira chifukwa cha thalauzi, dzulo amamuvula chifukwa cha thalauzi, lero mukumuthamangitsa m'shopu chifukwa wavala chitenje! Avale chiyani tsono kuti mumuone ngati munthu? Ndipo lero wonyozayo si wapolisi, si venda, ndi mkazi mnzake.

Ena mundiuza kuti atsikanawa amalandira zochepa, kuti katundu anakwera kwacha itagwa ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, kuti ena amangogwira osagula. Ndamva. Koma moni sanakwere mtengo.

Mtsikana iwe, ngati ukuwerenga pano, amayi ako amavala chiyani? Si chitenje chomwechi? Fizi imene inakuphunzitsa mpaka ukadziwe kulemba lisiti, sinachokere m'dengu la tiyi kapena m'lichero la mandasi? Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo. Amene unawabweza aja ndi amayi ako omwe, kungoti anabereka wina.

Ndi inunso eni mashopu, musabisale kumbuyo kwa antchito anu. Mwana amayankhula zimene wamva kwa akulu. Mukanawauza kuti aliyense wolowa alandiridwe ndi manja awiri, bwenzi akudzuka pampando. Amayi a m'maesiteti ndi a kumudzi ndiwo ambiri kuno, ndiwo amagula za chinkhoswe, za ukwati, za Khirisimasi, za ku Chonde pa Mulhako. Mukawanyoza iwowa mugulitsa kwa ndani? Kwa zidole zanuzo?

Komanso poti ndayamba kale, lekani kutipusitsa. Zina mwa zimene mwapachika pamahang'alazo ndi kaunjika wa m'belo, mwangochapa, kusita n'kupopera perefyumu, kenako mukuti zatsopano zochokera kunja. Timaziona zomwezo zitaunjikidwa pansi mumsika wa Limbe. Ndipo masaizi anu ndi a tiana tokhatokha, mayi wathupi lake akalowa mumangomuuza kuti apite kwa telala, osayang'ana n'komwe ngati chomukwana chilipo.