Mwana akaulula za nkhanza, woyamba kumva amakhala ndani?

Chinali chaka changa chachitatu pa ntchito ya uphunzitsi. Ana atatuluka kukalandira phala, mtsikana wina wa Sitandade 5 anatsalira m'kalasi. Ine ndinkafufuta pa bolodi. Anaima chapafupi ndi tebulo langa, maso ali pansi, ndipo anati, "Madamu, ine kunyumba sindikufunako." Nditamufunsa chifukwa chake, anangotchula mawu ochepa okhudza amalume ake amene ankakhala nawo nyumba imodzi. Mawu ochepawo anali okwanira.

Mtima unandigunda kwambiri. Ndinamupanikiza ndi mafunso, limodzi mwa iwo linali lakuti, "Nanga bwanji sunanene kale?" Kenaka ndinamugwira dzanja ulendo kwa ahedi. Ahedi anaitana achiwiri awo ndi apampando a komiti ya sukulu. Tsiku limodzi lomwelo mwana anafotokoza nkhani yake katatu, akuluakulu atamuzungulira. Madzulo uthenga unapita kunyumba. Pamene kunkacha, banja linali litakhala kale pansi, ndipo mwana anabwera ndi agogo ake kudzatiuza kuti dzulo ananama. Kuchipatala sanapiteko. Teremu yotsatira anamutumiza kwa achibale ena akutali, ndipo sindinamuonenso.

Mwana uja ndinkamufunira zabwino, ahedi nawonso chimodzimodzi. Koma pafupifupi chilichonse chimene tinachita tsiku lija chinali cholakwika, ndipo palibe mmodzi wa ife amene anali ataphunzitsidwa chochita. Ku koleji ndinaphunzira kulemba sikimu, kupanga zipangizo zophunzitsira kuchokera ku makatoni ndi zitsekerero za mabotolo, kusamala kalasi ya ana zana limodzi. Za mmene ungayankhire mwana amene wakukhulupirira ndi chinsinsi chotere, sindikumbukira ngakhale ola limodzi.

Maganizo anga ndi akuti maphunziro a chitetezo cha ana m'dziko muno amathera kwa anthu amene nkhani imawapeza mochedwa. Amene amaitanidwa ku mawekishopu a m'mahotela a kunyanja ndi mabwana a pa boma. Sindikuti iwowo asaphunzire, ayi, ntchito yawo ndi yofunika. Koma mwana wa zaka 11 sakwera kabaza kupita ku ofesi ya Social Welfare. Amauza aphunzitsi ake, mayi wa mother group, mlezi wa ku sukulu ya mkombaphala, mlangizi wa zaumoyo amene amabwera kusikelo, aphunzitsi a Sande sukulu kapena a ku madrasa. Anthu amenewa ndi amene amagwira nkhani ikadali yotentha, ndipo ola loyambalo ndi limene limalamula ngati mwana athandizidwe kapena atsekedwe pakamwa.

Vutoli si laling'ono. Kafukufuku wa nkhanza zochitira ana amene boma linachita mu 2013 anapeza kuti pa atsikana asanu aliwonse, mmodzi anachitidwapo nkhanza zokhudza kugonana asanakwane zaka 18, ndipo pa anyamata asanu ndi awiri aliwonse, mmodzi. Anyamata timawaiwala kawirikawiri. Amene analandira thandizo kwa akatswiri anali ochepa zedi. Tangoganizani, aphunzitsi anzanga, kalasi yanu ya ana 80, kuti ndi angati amene akhala pansi apo ali ndi zawo mumtima.

Malamulo tili nawo. Child Care, Protection and Justice Act ya 2010 imanena poyera kuti ogwira ntchito zachipatala, achibale, osamalira ana ngakhalenso anthu a m'mudzi ali ndi udindo wokanena kwa apolisi kapena a Social Welfare akaona kuti mwana akuzunzidwa. Mu 2017 aphungu a Nyumba ya Malamulo anasintha malamulo oyendetsera dziko kuti mwana akhale aliyense amene sanakwane zaka 18. Malo othandizirako aliponso. Ku polisi kuli Victim Support Unit. Pali nambala ya 116 yoimba mwaulere, imene a YONECO a ku Zomba amayendetsa. Pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre pali Chikwanekwane, pamene dokotala, wapolisi, wa Social Welfare ndi wopereka uphungu amapezeka pamalo amodzi kuti mwana asamayendetsedwe uku ndi uku, ndipo malo otere aliponso m'zipatala zina zikuluzikulu. Kuli mabwalo ozenga milandu yokhudza ana. Zonsezi ndi zabwino, koma zili ngati chitsime chokumbidwa bwino chimene anthu a m'mudzi sanauzidwe njira yake.

Ndiye munthu woyamba kumvayo aphunzitsidwe chiyani? Sizifuna sabata yathunthu ku hotela. Choyamba ndi nkhope ndi pakamwa pake. Mwana akayamba kulankhula amayang'ana nkhope yako. Ukadzidzimuka, kukuwa kapena kulira, iye amaona ngati walakwa, ndipo amabweza mawu. Khala pansi, mumvetsere, umuuze kuti wachita bwino kunena ndiponso kuti iyeyo sanalakwe. Usamulonjeze kuti susiya nkhaniyi ituluke, chifukwa lonjezo limenelo udzaliphwanya. Muuze zoona, kuti uuza anthu ochepa okha amene ntchito yawo ndi kumuteteza. Mafunso akhale ochepa, ndipo asakhale omuikira mawu m'kamwa. Funso lakuti "Anakugwira apa eti?" likhoza kuononga mlandu kukhoti, pamene "Tandiuza zimene zinachitika" limamusiya mwana alankhule yekha. Ukatero lemba mawu ake momwe wawanenera, ndi tsiku ndi nthawi, osawakongoletsa. Ine tsiku lija sindinalembe kanthu, moti agogo aja atabwera ndinalibe chogwira m'manja.

Chachiwiri, chimene chimandiwawa kwambiri chifukwa sindinkachidziwa, ndi nkhani ya maola 72. Mwana akagwiriridwa, mankhwala a PEP oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa asanathe masiku atatu, ndipo akayambidwa msanga mpamene amathandiza kwambiri. Mapiritsi oletsa mimba mwadzidzidzi nawonso ali ndi masiku ake owerengeka. Choncho ulendo woyamba ndi wa kuchipatala, ndipo mankhwala asadikire kalata ya ku polisi kapena msonkhano wa banja. Ngati n'kotheka mwana asasambe kaye, ndipo zovala zimene anavala zisachapidwe, chifukwa ndi umboni. Ife mwachibadwa timathamangira kumusambitsa mwana kuti timuchotse manyazi, osadziwa kuti tikumuthandiza wolakwayo. Ngakhale masiku atatuwo atadutsa, apitebe, chifukwa pali matenda ena opatsirana ofunika kuyezedwa, ndipo uphungu amaufunabe.

Apa ndiimepo pang'ono, chifukwa mpamene ambiri timagwera. Nkhani ikafika kubanja imasanduka "zakubanja". Amalume aitanidwa, ankhoswe abwera, nthawi zina mpaka kwa amfumu. Wolakwa alipira mbuzi kapena ndalama, anthu agwirana chanza, ati tamanga mudzi. Mwana abwerera m'nyumba yomweyo. Ndimamvetsa chifukwa chake. Nthawi zambiri wolakwayo ndi amene amagula chimanga pakhomopo, ndipo mayi amadzifunsa kuti akamangidwa ana enawa adya chiyani. Mphunzitsi naye amakhala m'nyumba ya sukulu, m'mudzi mwa eni, amatunga madzi pa mjigo umodzi ndi banjalo, ndipo amaopa kudedwa kapena kuopsezedwa. Maphunziro amene sakhudza mantha amenewa ndi ongotaya nthawi. Munthu auzidwe mosapita m'mbali kuti kugwirira mwana si mlandu wa pabwalo la amfumu, komanso auzidwe kuti akanena, ndani amuimira kumbuyo. Mafumu nawo akhale m'maphunziro omwewo. Inkosi Kachindamoto ya ku Dedza inationetsa zimene mfumu ingachite, pamene inathetsa maukwati a ana ambirimbiri ndi kuwabwezera kusukulu.

Kulekerera ana ndi nkhani ina yovuta kuizindikira. Kuno ana ambiri amabwera kusukulu opanda nsapato, osadya, yunifolomu yong'ambika. Umenewo ndi umphawi, ndipo mayi amene akuyesetsa ndi ganyu sayenera kuchititsidwa manyazi ngati wolakwa. Koma pali mwana amene m'nyumba mwawo ena akudya iye akumanidwa chifukwa ndi wamasiye. Pali wodwala khunyu kapena wolumala amene amatsekeredwa m'nyumba tsiku lonse. Pali wa zaka 9 amene akulera ang'ono ake atatu chifukwa makolo anapita ku Joni ndipo agogo maso anasiya kuona. Pali amene anasiyitsidwa mankhwala a ARV chifukwa palibe womuperekeza kuchipatala. Kusiyanitsa zimenezi kumafuna diso lophunzitsidwa, ndipo thandizo lake limasiyananso. Banja lina lifunika kulumikizidwa ndi a Mtukula Pakhomo, lina lifunika a Social Welfare alowererepo tsiku lomwelo.

Za zipangizo sindipempha zambiri. Mabuku ochindikala a m'Chingerezi amangotuwa mu kabati ya ahedi. Chimene chingathandize ndi pepala limodzi, la m'Chichewa, Chitumbuka kapena Chiyao malinga ndi dera, lomatidwa mu stafu rumu, ku sikelo ndi ku tchalitchi, lonena zochita mwana akaulula, ndi manambala a foni amene amayankhidwadi: wa chitetezo cha ana wa m'deralo, wa Victim Support Unit, wa chipatala chapafupi. Pakhalenso kandalama kosungidwa ka mayendedwe, chifukwa milandu yambiri imafera pa funso lakuti alipira kabaza ndani. Ogwira ntchito ya chitetezo cha ana m'midzi ambiri amayenda wapansi kapena pa njinga dera lalikulu, mayunitsi akugula ndi ndalama ya m'thumba mwawo. Kuwaphunzitsa popanda kuwapatsa choyendera kuli ngati kumupatsa munthu mbewu, khasu n'kumumana. Ndipo anthu amenewa amasenza nkhani zolemera tsiku ndi tsiku, amafunika wina wowamvera nawonso.

Njira yofikitsira maphunzirowa ilipo kale. Zoni iliyonse ya masukulu ili ndi TDC, malo ophunzitsirako aphunzitsi, ndi a PEA, alangizi a zamaphunziro a ku pulayimale, ndipo aphunzitsi timakumanako. Alangizi a zaumoyo amakumana pa chipatala chawo. Masana amodzi pa teremu, wa Social Welfare ndi namwino mmodzi atabwera, aphunzitsi n'kuyeserera awiriawiri, wina kukhala mwana wina womvetsera, zikhoza kusintha zambiri. Zimenezi zibwerezedwe chaka ndi chaka, chifukwa anthu amasamutsidwa, ena amapuma. M'makoleji a uphunzitsi, a unamwino ndi kosulira apolisi likhale phunziro lolemba mayeso, monga mmene a ku koleji ya Magomero amaphunzirira za chisamaliro cha anthu.

Pa sukulu pamene ndili pano tinagwirizana kuti mwana akaulula, alankhula ndi mphunzitsi mmodzi yekha amene wamusankha, ndipo makolo sauzidwa tisanaimbe kwa a chitetezo cha ana ngati wolakwayo ndi wa m'nyumba momwemo. Nambala ya 116 tinailemba ndi penti pakhoma loyang'ana kumpopi. Sabata yamawa tili ndi msonkhano wa zoni, ndipo ndawapempha kale a PEA kuti andipatseko mphindi makumi atatu.