Wolakwiridwa alankhule ku Rotten Row, koma abwere ndi malisiti

Abale a ku Mbare, Mabvuku, Tafara ndi Epworth, ambiri tikamva kuti "wapezeka wolakwa" timayesa mlandu watha, n'kuthamangira kombi. Chikhalirecho patsala gawo lomwe wolakwiridwa ali ndi mawu.

Chiyambire 2023, makhoti a kuno ku Zimbabwe, kuphatikizapo khoti la majisitireti la Rotten Row ku Harare, akutsata malangizo a kaperekedwe ka zilango, Statutory Instrument 146. Mlandu uliwonse waukulu uli ndi chilango choyambira, ndipo woweruza akafuna kukwera kapena kutsika pamenepo ayenera kulemba zifukwa. Asanagamule, khoti limamva zokulitsa mlandu, zochepetsa, komanso mawu a wolakwiridwa ofotokoza mmene mlanduwo wamupwetekera, omwe pa khoti amati victim impact statement.

Ena akuti zimenezi zingowonjezera zilango, poti misozi ya munthu imatha kusuntha woweruza. Nkhawa yawo ndi yomveka. Amene amadziwa kulankhula akhoza kukulitsa bala laling'ono, pomwe agogo amantha, ovulala kwenikweni, angonena kuti "zili bwino bwana". Koma ine ndikuti vuto si kulankhulako ayi, vuto ndi kulankhula chimanjamanja.

Taganizani mayi wogulitsa tomato ku Mbare Musika amene wathyoledwa mkono ndi wakuba. Akangoti "ndinamva kuwawa", khoti lilibe pogwira. Abweretse chikalata cha dokotala, malisiti a mankhwala ndi a X-ray, anene masabata amene sanakhale pa tebulo lake ndi ndalama imene amapeza patsiku, atchule ngati mwana analeka sukulu fizi itasowa. Zotere woweruza amatha kuzilemba ndi kuziyeza. Za kusowa tulo ndi kuopa kuyenda kukada nenaninso, koma zoona zokhazokha, chifukwa loya wa mbali inayo ali ndi ufulu wotsutsa, ndipo bodza limodzi limaipitsa zonse.

Chomwe ambiri amataya ndi chipukuta misozi. Khoti la milandu yaupandu likhoza kulamula wolakwa kubweza zomwe anawononga, koma pafunika kupempha, inuyo kapena woimira boma pamlandu mutamuuza. Likhozanso kuimika gawo la zaka za kundende ngati wolakwa abweza ndalama pofika tsiku lakuti. Kwa mayi uja, 200 dollars m'manja ikhoza kuposa miyezi ina itatu ya wakubayo ku ndende ya Chikurubi.

Pamene pakufunika kukonza ndi apa. Woimbidwa mlandu akavomera kulakwa, nthawi zambiri zonse zimathera tsiku lomwelo, wodandaula ali kunyumba sakudziwa kanthu. Bwenzi wapolisi wofufuza akulemba mawu amenewa kumayambiriro n'kuwaika mu doketi, kenako n'kuwonjezera bala likapola kapena likakula. Pakadali pano siyani nambala yanu ya foni kwa wofufuza ndi kwa woimira boma, ndipo muzifunsa tsiku la mlandu nokha.

Chinanso ndi chilankhulo. Malamulo aakulu a dziko lino a 2013 amatchula Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka. Achikulire athu ambiri Chishona amachidziwa cha pamsika, koma za mumtima zimatuluka m'Chichewa. Pemphani womasulira masiku angapo mlandu usanalowe, chifukwa mukapempha m'mawa womwewo mlandu ungoimitsidwa, mwawononga ndalama ya kombi pachabe.

Ndipo pa milandu ya m'banja, makamaka yogwirira ana, mawuwa asamalembedwe amalume ndi azakhali ali pambali. Ndi pomwe timamva zoti "takambirana pachibale, takhululuka", mwana ali zyoli. A Victim Friendly Unit, nthambi ya polisi yothandiza ochitiridwa nkhanza zotere, amuone payekha. Kukhululuka khoti limakumva, koma sikufafaniza chilango chomwe lamulo linaikiratu, monga zaka 15 pa kugwirira koipitsitsa kapena zaka 9 pa kuba ng'ombe.