Inu oika msomali m'malo mwa fyuzi, tamverani

Ana anga a m'Chipata muno, a ku Kapata, ku Mchini, ku Nabvutika ndi ku Magazine, ndili nanu mawu pa nkhani ya malaiti. Akangobwera pambuyo pa maola a mdima, nyumba yonse imathamangira soketi imodzi: mayi ndi ketulo, mtsikana ndi aini, mnyamata ndi hita, zonse pa ekisitenshoni imodzi yotchipa. Fyuzi, kawaya ka m'pulagi kamene kamapsa n'kudula magetsi akachuluka, ikapsa simufunsa chimene yapsera. Mumatsegula pulagi n'kupindiramo kapepala konyezimira ka m'paketi ya fodya, ena kamsomali, n'kumadzitama kuti mwakonza. Mwakonza chiyani? Mwathamangitsa mlonda pakhomo usiku.

Masamu ake ngosavuta, mwana wa giredi 7 atha kukuwerengerani. Magetsi a ZESCO amalowa m'nyumba ndi mavoliti 230. Tembenuzani ketulo yanuyo, kunsi kwake kuli nambala yotsatana ndi chilembo W. Amenewo ndi mawati, mphamvu imene imadya. Mawati timawapeza pochulukitsa mavoliti, mphamvu yokankha magetsi, ndi maampu, kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya, choncho pofuna kudziwa maampu amene chinthu chikukoka, gawani mawati ake ndi 230. Ketulo ya mawati 2000 imakoka maampu 8.7. Aini ya mawati 1200 imakoka 5.2. Ziwiri zokhazi zakwana 13.9, pamene fyuzi yaikulu ya pulagi yathu ya mano atatu ndi ya maampu 13, kutanthauza mawati 2990 basi. Kukazizira mu June muwonjezepo hita ya mawati 2000, mwadutsa maampu 22 pa kawaya kamodzi. Fyuzi ikapsa pamenepo yagwira ntchito yake. Msomali supsa. Chimene chipse ndi waya, kenako katani, kenako denga.

Tsono pali china chimene ambiri simuchilabadira. Chilichonse chimene magetsi adutsamo chimawakaniza, ndipo kukanizako kumayezedwa m'maomu, dzina lochokera kwa Georg Ohm wa ku Germany amene anafalitsa lamulo lake mu 1827. Maomu ndi mavoliti ogawidwa ndi maampu. Ketulo ija, 230 kugawa ndi 8.7, ili ndi maomu pafupifupi 26, ndipo kukaniza kumeneku ndiko kumawiritsa madzi. Mu ketulo kutentha timakufuna. Nanga paja munadula waya, n'kupotokola nsonga ndi zala, n'kukulunga ndi pulasitiki ya shuga? Napo pamakaniza. Tinene kuti pali theka la omu lokha. Pakadutsa maampu 13, pamatayika mavoliti 6.5, ndipo 6.5 kuchulukitsa ndi 13 ndi mawati 84 ndi theka. Babu lakale lija la mawati 60 munkatha kuligwira likuyaka? Apa kutentha koposa pamenepo kwaunjikana pa kamfundo kamodzi, kuseri kwa sofa kapena kunsi kwa matiresi a mwana. Ndipo maampu akawirikiza kawiri, kutenthako kumawirikiza kanayi. Kafungo ka pulasitiki yonyeka kamene mumati n'ka aneba kamachokera pamenepo.

Abale a kumudzi, ku Katete, Chadiza ndi Lundazi, amene mwagula sola, musati izi n'za a m'tauni. Ndimamva anyamata akuti batire ndi mavoliti 12 chabe, siluma. Inde silikugwedezani, koma werengani. Invata, chida chosandutsa magetsi a batire kukhala ngati a m'nyumba, ikamapereka mawati 600, ku batire ikukoka maampu 50 kapena kuposa, chifukwa 600 kugawa ndi 12 ndi 50. Inu mwalumikiza ndi kawaya ka sipika, popanda fyuzi, m'nyumba ya udzu mmene mwasungamo matumba a chimanga ndi mtedza. Safunsa anadya phula. Waya wochoka ku batire ukhale wonenepa, waufupi, ndipo fyuzi ikhale pafupi ndi batirelo.

Amayi, nanunso ndikudandaulireni pa za elementi yotenthetsera madzi m'ndowa. Mumapisa chala kuti mumve ngati afunda, elementi ili pamoto, inu muli chosavala nsapato pasimenti yonyowa. Thupi lonyowa limatha kutsika kufika maomu 1000. Gawani 230 ndi 1000, mupeza maampu 0.23. Nambalayo ikuoneka yaing'ono, koma zida zotetezera moyo zimapangidwa kuti zidule magetsi pa maampu 0.03, chifukwa kupitirira apo mtima uli pangozi. Zimitsani, zulani pulagi, ndiye mukhudze madzi. Mwana asatumidwe ntchito imeneyi.

Mawu anga olemera apite kwa eni nyumba za lendi. Mumakoka waya umodzi wowonda kuchoka pamita kupita ku zipinda zisanu, m'chipinda chilichonse muli chitofu ndi aini, inu n'kumangolandira ndalama mwezi ukatha. Amene amagona m'menemo ndi ana a anzanu. Khalani pansi ndi pensulo, lembani mawati a chipinda chilichonse, phatikizani, gawani ndi 230, ndipo nambalayo mukaionetse kwa munthu amene anaphunzira ntchito ya magetsi, osati mphwanu amene anangogula pulayazi. Akuuzeni kukula kwa waya ndi bureka yoyenera, swichi yodula yokha magetsi akachuluka, ndipo mulipire. Alendi nanunso, ketulo ikawira khudzani pulagi ndi kuseri kwa dzanja. Ikakhala yotentha, kapena soketi yayamba kuda m'mabowo, lekani kuigwiritsa ntchito lero lomwe ndipo mukawauze eni nyumba.