Mukapita ku Asakusa, musakhutire pa Nakamise

Inu amene mukukonza ulendo wa ku Tokyo, maganizo anga pa Asakusa ndi awa: msewu wa Nakamise ndi wongolawirapo, chakudya chenicheni chili m'tinjira ta m'mbali. Alendo ambiri amakhuta zotsekemera asanafike n'komwe pakachisi wa Sensoji, nthawi ya nkhomaliro ikakwana m'mimba mulibenso malo.

Kwerani sitima ya pansi ya Ginza Line, mutsike pa siteshoni ya Asakusa. Fikani cha m'ma 8 koloko m'mawa. Kachisi amakhala atatsegula kale, pomwe mashopu ambiri amayamba cha m'ma 10, choncho mumadutsa pachipata cha Kaminarimon popanda kupondana. Nyali yofiira yolendewera pamenepo imalemera pafupifupi makilogalamu 700, ndipo chipatacho anachimanganso mu 1960 ndi ndalama za Konosuke Matsushita, amene anayambitsa kampani ya Panasonic. Kuchokera apo mpaka pachipata chachiwiri cha Hozomon ndi mamita 250 okha, mashopu pafupifupi 90 mbali zonse ziwiri: umenewu ndiye msewu wa Nakamise.

Yambani ndi za pakachisi. Pamalo osambira m'manja, tungani madzi kamodzi kokha ndi chikho: sambitsani dzanja lamanzere, kenako lamanja, thirani pang'ono pachikhatho chamanzere muchukuche mkamwa, otsalawo muwatsetsereze pachigwiriro poimika chikhocho. Osaika chikho pakamwa. Popemphera musawombe m'manja, chifukwa uyu ndi kachisi wa Chibuda. Kuwomba m'manja ndi kwa ku Asakusa Jinja, kachisi wa Chishinto amene ali pambali pomwepo. Timapepala ta maula, omikuji, ndi 100 yen. Mumakhutchumula kachitini mpaka kutuluke kamtengo, koma nambala yake imalembedwa m'zilembo za Chijapani, ndiye yerekezani ndi zomwe zili pamadirowa momwe muli timapepalato musanakabwezere m'chitini. Sensoji imadziwika ndi kutulutsa mapepala ambiri a tsoka. Mukalandira lotero, limangeni pawaya womwe uli pomwepo n'kulisiya.

Pobwerera ndiye lawani, koma zinthu ziwiri basi. Ningyo-yaki ndi timakeke tophikidwa m'zikombole zachitsulo, mkati muli nyemba za azuki zophwanya ndi shuga. Inde, nyemba za shuga. Ife tinazolowera kuti nyemba ndi ndiwo, koma musazinyoze musanalawe. Gulani totentha tongochoka pamoto, osati ta m'bokosi, chifukwa tikazizira timauma. Age-manju ndi kabanzi kotsekemera kokazinga m'mafuta, kunja imazizira msanga pomwe mkati mukadali moto, ndiye kuluma mwaphuma n'kupsa lilime. Idyani mutaima pafupi ndi shopu yomwe mwagula. Kudya mukuyenda pa Nakamise n'koletsedwa, ndipo mabini m'misewu ndi osowa, choncho pepala mumubwezera wogulitsa. Tengani makobidi ndi ndalama zapepala, si onse amalandira khadi.

Njala yeniyeniyo isungireni tendon, mpunga woikapo tempura (zam'nyanja kapena masamba zoviika mu ufa wamadzimadzi n'kukazinga) pamwamba. Ya ku Asakusa amakazinga m'mafuta a chitowe n'kuiviika mu msuzi wa soya wotsekemerera, n'chifukwa chake imaoneka yakuda ndipo ndi yofewa. Ena amaganiza kuti yapserera, ayi, imayenera kutero. Ku malo odyera a Daikokuya, pafupi ndi msewu wa Denboin, mzere umatalika masana, fikani asanatsegule.

Olimba mtima atsike chakummwera kwa Kaminarimon, ku Komagata Dozeu, malo omwe akhala akuphika kuyambira 1801. Amaphika dojo, tinsomba ta m'matope tooneka ngati timilamba tating'ono. Amayamba atiika mu mowa wa sake, n'kutiwiritsa mu msuzi wa miso (chokometsera chopangidwa ndi soya wosasitsa) mpaka minga itafewa, kenako amabweretsa m'kapoto kosaya pa makala. Anyezi wamasamba ali m'kabokosi patebulo, muunjike wambiri, mudikire afote, ndipo msuzi ukamaphwera onjezerani wa m'ketulo, apo ayi nsombazo zimamatira pansi.